Mwana Wathu Akapita ku Yunivesite

  Ena mwachokera ku madooko a nyanja ya Amaramba, mwasiya maukonde anu padzuwa. Ena mwachokera ku Mandimba, ena ku Massangulo m'boma la Ngauma, ena ku Cuamba. 

Lero tikamba nkhani yolemera. Ndi nkhani imene sitikamba pagulu, makamaka pamaso pa apongozi. Motero tikupempha kuti mutikhululukire ngati mawu ena atuluke osaphimba. Tikamba za ana athu aakazi amene amapita ku yunivesite. Tikamba za zibwenzi zimene amakumana nazo kumeneko, za mimba zosayembekezera, ndi za kuchotsa mimba mobisa. Tikamba poyera chifukwa nkhani imeneyi ikabisidwa, imatha ndi maliro.

1. Kumene tachokera

Dziko lathu la Mozambique lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Nthawi imeneyo anthu oposa 90 mwa anthu 100 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Yunivesite idalipo imodzi yokha m'dziko lonse, ku likulu, ndipo mu 1976 idapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Mwana wa msodzi wa ku Amaramba sankailota n'komwe. Nanga mwana wamkazi? Iye malo ake adali pamtondo ndi pachitsime.

Lero zinthu zasintha. Ku Cuamba kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique. Ku Unango, m'boma la Sanga, kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Lúrio. Ku Lichinga kuli nthambi ya Universidade Rovuma. Ana ena amakwera sitima pa Cuamba kukaphunzira ku Nampula. Ana athu aakazi nawonso ali m'gulu limeneli.

Koma njira yofika kumeneko ndi ya minga. Kafukufuku wa boma wa chaka cha 2011 adapeza kuti akazi 48 mwa 100 a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Kafukufuku wina wa 2015 adapeza kuti atsikana 46 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 adali ndi mwana kale kapena adali ndi pakati. Tsono mtsikana amene wafika pa yunivesite wadumpha misampha yambiri. Anzake ambiri adatsala m'njira.

Ndipo sadafike yekha. Bambo adagulitsa makumba ndi milamba youma. Mayi adagulitsa nandolo. Malume adapatula ndalama za fodya. Mwana ameneyu wasenza thukuta la mbumba yonse. Tikamutaya, sitinataye munthu mmodzi yekha. Tataya mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene mudzi unkamudikira.

2. Tiyeni timutsatire

Tiyerekeze mwana wathu mmodzi. Sitimupatsa dzina, chifukwa akhoza kukhala wa aliyense wa ife. Ali ndi zaka 19. Wakhoza mayeso a kalasi 12 ndipo wapeza malo. Tamuperekeza pamsewu. Wakwera chapa ndi chikwama chimodzi, thumba la ufa ndi kamtolo ka nsomba zouma.

Kodi mawu athu otsiriza amakhala otani? Timati, "Ukadzisunge. Usakatichititse manyazi." Basi, tatha. Sitinamuuze kuti akadzisunge bwanji. Sitinamuuze kuti akapite kwa yani zikakavuta. Tangomupatsa katundu wa manyazi kuti asenze pamodzi ndi ufa uja.

Mwana akagwa, timafulumira kunena kuti tauni yamuwononga, kapena kuti adali wachimasomaso chibadwire. Koma bwato silitembenuka lokha. Pamakhala mphepo imene yaliwomba. Tiyeni tione mphepo zinayi zimene zimawomba mwana wathu akafika kumeneko.

3. Mphepo yoyamba: ndalama

Ndalama zathu zimabwera pa nyengo. Fodya timagulitsa kamodzi pachaka. Thonje chimodzimodzi. Nsomba zimapezeka lero, mawa nyanja yakana. Koma ku tauni zinthu zimalipidwa pa mwezi. Lendi ya chipinda ndi ya pa mwezi. Ndalama za sukulu, zimene amati propina, sizidikira kuti tikolole. Palinso makala, sopo, ndiwo, mafotokope a maphunziro ndi ndalama za intaneti m'foni. Ndiponso chaka cha sukulu chimayamba kumayambiriro kwa chaka, nthawi imene nkhokwe zathu zili pansi.

Mwana akaimba foni, timati, "Pirira, tikutumizira tikagulitsa." Iye amatidziwa. Amadziwa kuti kwathu kulibe. Ulendo wachiwiri saimbanso. Ife timasangalala, timati mwana wazolowera. Sitifunsa kuti akudya chiyani.

Pamenepo ndi pamene amatulukira bambo wina wa galimoto. Mwina ndi wamalonda, mwina ndi wa pantchito yabwino. Zaka zake n'zofanana ndi za bambo wa mwanayo. Amayamba ndi nkhuku yootcha. Kenaka foni yatsopano. Kenaka walipira lendi ya miyezi itatu. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene amalipira lendi ndi amene amalamula m'chipindamo. Akakana kondomu, mtsikana alibe pakamwa poyankhira.

Ngozi si mimba yokha. Kafukufuku wa boma wa 2021 adapeza kuti mwa akazi 100 a zaka 15 kupita m'mwamba m'dziko lathu, 15 adali ndi kachilombo ka HIV. Mwa amuna 100, adali pakati pa 9 ndi 10. Akazi ndi amene akugwidwa kwambiri, ndipo ambiri amagwidwa akadali aang'ono.

4. Mphepo yachiwiri: mphamvu

Aphunzitsi ambiri ndi anthu olungama. Amagwira ntchito yawo ndi mtima wonse. Koma m'munda wabwino simulephera kaufiti. Alipo ena amene amagwiritsa ntchito cholembera ngati ukonde. Amauza mtsikana kuti, "Ukafuna kukhoza, ubwere tidzakambirane kunyumba."

Taganizani mwana wathu pamenepo. Akalephera phunziro limodzi, abwereza, ndipo ndalama zilowanso zina. Akanena, ndani amukhulupirire? Iye ndi mwana wa msodzi. Winayo ndi munthu wa madigiri. Ife tidamulera kuti wamkulu sayankhidwa. Ulemu umene tidamuphunzitsa ndi umene ukumutseka pakamwa.

Tidziwe kuti khalidwe limeneli ndi mlandu. Malamulo a dziko lino amaletsa munthu kugwiritsa ntchito udindo wake pokakamiza wina kugona naye. Kupolisi kuli ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Wolakwa si mwana wathu. Wolakwa ndi mwini cholembera uja.

5. Mphepo yachitatu: kusungulumwa

Tisaganize kuti zonse ndi ndalama kapena kukakamizidwa. Mwana wathu ndi munthu wamkulu tsopano. Ali ndi mtima ndiponso thupi, monga tidalili ife pa msinkhu wake. Kwathu ankagona ndi azichemwali ake, ankadya mbale imodzi ndi anthu asanu. Kumeneko ali yekha m'kachipinda. Anzake amavala bwino, amalankhula Chipwitikizi chosalala, amamuseka kuti ndi wa kumudzi. Mnyamata wina wa m'kalasi akamulankhula mokoma, mtima umagwa.

Chikondi choterechi chikhoza kukhala chenicheni. Koma onse awiri ndi ana a sukulu. Alibe munda, alibe nyumba. Ndipo nthawi zambiri onse awiri sadziwa bwino za kulera. Mnyamata amaganiza kuti imeneyo ndi nkhani ya mkazi. Mtsikana amaopa kuti akatulutsa kondomu m'chikwama, mnyamata amuyesa woyendayenda.

6. Mphepo yachinayi: kukhala chete kwathu

Mphepo iyi ndi yathu. Imachokera m'nyumba zathu zomwe.

Tili ndi chinamwali. Anzathu a Chiyao ali ndi nsondo ndi jando. Kumeneko ana amaphunzira ulemu, ukhondo ndi kusunga banja. Zimenezi n'zabwino ndipo sitikuzinyoza. Koma tiyeni tifunsane, anankungwi athu. Kodi namwali amatuluka akudziwa kuti mimba ikhoza kubwera ngakhale pa tsiku loyamba? Kodi amatuluka akudziwa kuti ali ndi ufulu wokana? Kodi mnyamata amatuluka akudziwa kuti mimba ndi ya anthu awiri? Tidaphunzitsa mwana kusamala mwamuna. Sitidamuphunzitse kudzisamala yekha.

Kumene makolo akhala chete, mabodza amamera. Ena amati mtsikana wosabereka akalera, sadzaberekanso. Zimenezi si zoona. Munthu akasiya mapiritsi, kapena akachotsetsa kachipangizo ka pamkono kapena lupu, akhoza kutenga pakati posachedwa. Jakisoni amachedwetsako miyezi ingapo, koma satseka chiberekero. Kondomu ndi njira yokhayo imene imateteza ku mimba ndi ku matenda nthawi imodzi.

Palinso zinthu ziwiri zimene aliyense ayenera kudziwa. Choyamba, mtsikana akagona ndi mwamuna mosadziteteza, kapena akagwiriridwa, kuchipatala kuli mapiritsi oletsa mimba isanayambe. Amagwira ntchito mpaka masiku 5, koma amagwira bwino koposa akamwedwa msanga. Mapiritsi amenewa sachotsa mimba imene yakhazikika kale. Chachiwiri, kuli mankhwala oteteza ku HIV, amene ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndiye kuti masiku 3.

Kuyambira mu 1999 boma lidayambitsa ntchito ya achinyamata yotchedwa Geração Biz. M'zipatala zambiri muli malo a achinyamata amene amatchedwa SAAJ. Kumeneko mtsikana akhoza kufunsa mafunso ndi kulandira njira yolerera, ngakhale sali pabanja. Koma ana athu ambiri amaopa kulowamo. Amaopa kuti wina wa kwathu awaona, nkhani ifike kumudzi. Akuopa ife. Safunsa adadya phula, koma ndani adamuopseza kuti asafunse?

7. Mimba ikabwera

Mwezi wadutsa, mwana wathu sanaone kumwezi. Wachiwiri wadutsanso. Usiku sagona. Akuwerenga masiku pa zala. Akuona nkhope ya bambo ake amene adagulitsa ukonde. Akumva mawu athu aja, "Usakatichititse manyazi."

Amauza mwini mimba. Bambo wa galimoto uja ali ndi mkazi ndi ana. Amazimitsa foni, kapena amaponya ndalama pang'ono n'kunena kuti, "Ukaone chochita." Mnyamata wa m'kalasi amanjenjemera, amati, "Mwina si yanga."

Ofufuza ena, motsogozedwa ndi Mónica Frederico, adacheza ndi atsikana a ku Maputo ndi ku Quelimane amene adachotsapo mimba. Zimene adapeza zidafalitsidwa mu 2018. Adapeza kuti nthawi zambiri mtsikana sankasankha yekha. Ankamusankhira ena, monga mwamuna kapena achibale, nthawi zina momuopseza. Adapezanso kuti atsikanawo sankalidziwa bwino lamulo la dziko lawo lomwe. Ngati zili chonchi ku Maputo, nanga mwana wochokera ku Amaramba?

Motero mwana wathu amapita kwa mnzake wa chipinda chimodzi. Mnzakeyo amadziwa mayi wina wa mankhwala a zitsamba, kapena munthu wina wogulitsa mapiritsi mobisa. Mapiritsi amaperekedwa m'kapepala, popanda kupima kuti mimba ndi ya miyezi ingati, popanda malangizo. Ena amamwa sopo wa ufa. Ena amalowetsa timitengo. Zonsezi zimachitika usiku, chitseko chili chokhoma.

Tiyeni timve bwino chimene chimachitika m'thupi. Kamtengo kamaboola chiberekero, mwinanso matumbo. Zotsalira m'chiberekero zimaola, ndipo matenda amalowa m'magazi. Magazi akhoza kutuluka osaleka mpaka munthu kukomoka. Ena amapulumuka koma madokotala amachotsa chiberekero chonse. Ena amachira koma njira za mazira zatsekeka, sadzaberekanso. Ena timangolandira uthenga wakuti mwana wadwala malungo mwadzidzidzi, tibwere tidzatenge thupi.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO lidawerengera kuti mwa mimba 100 zimene zimachotsedwa padziko lapansi, pafupifupi 45 zimachotsedwa m'njira zangozi. Kutsidya kwa Mandimba, ku Malawi, lamulo ndi lolimba kuposa lathu. Komabe ofufuza adawerengera kuti m'chaka cha 2015 chokha, mimba pafupifupi 141,000 zidachotsedwa m'dzikomo, ndipo pa 10 zilizonse, 6 zidabweretsa mavuto ofunika chipatala. Phunziro lake ndi ili: kuopseza sikuletsa mtsikana wothedwa nzeru. Kumangomukankhira ku mdima.

8. Zizindikiro za ngozi

Tonse tiloweze zizindikiro izi pamtima. Magazi ochuluka amene sakuleka. Kutentha thupi ndi kunjenjemera. Kupweteka kwambiri m'mimba. Zotuluka zonunkha. Chizungulire kapena kukomoka.

Tikaona chimodzi mwa zimenezi, tisayambe ndi mafunso. Tisayambe ndi kukalipa. Tisadikire kuti kuche. Tithamangire naye kuchipatala, ndipo tikawauze anamwino zoona zenizeni za chimene wamwa kapena chimene chachitika. Milandu tidzakamba iye ali moyo. Madzi akatayika saoleka.

9. Kodi lamulo likuti chiyani?

Ife a m'malire timamvera wailesi za mbali zonse ziwiri. Timagula ku Chiponde, timakwatirana ndi a ku Mangochi ndi ku Machinga. Motero ambiri timasokoneza malamulo a maiko awiriwa. Tiyeni timve la kwathu kuno.

Kale tinkayendera lamulo la atsamunda la chaka cha 1886, limene linkaletsa kuchotsa mimba. Mu Disembala 2014 Pulezidenti Armando Guebuza adasaina buku latsopano la malamulo a milandu, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2015. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo udatulutsa malangizo a momwe zipatala zizigwirira ntchito imeneyi. Buku la malamulo lidakonzedwanso mu 2019, koma mfundo izi zidatsala.

Lamulo likuti si mlandu kuchotsa mimba ngati mayi mwini wapempha, mimbayo isanapitirire masabata 12, ndiye kuti pafupifupi miyezi itatu. Ngati mimba yabwera chifukwa chogwiriridwa kapena kugonedwa ndi wachibale, malire ndi masabata 16. Ngati madokotala apeza kuti mwana ali ndi vuto lalikulu losachiritsika, malire ndi masabata 24. Lamulo likulolanso ngati moyo wa mayi uli pangozi. Koma zonsezi ziyenera kuchitikira kuchipatala chovomerezeka, m'manja mwa dokotala kapena wazaumoyo wophunzitsidwa, ndipo mayiyo avomere yekha polemba. Mtsikana wosakwana zaka 16 amafunika chilolezo cha kholo kapena womuyang'anira. Zochitikira kuseri kwa nyumba zikadali mlandu. Kukakamiza mkazi kuchotsa mimba iye asakufuna ndi mlandu waukulu.

Masabata amawerengedwa kuyambira tsiku loyamba la kumwezi kotsiriza. N'chifukwa chake kubisa kumapha. Mwana akabisa miyezi inayi chifukwa choopa ife, khomo la chipatala limene lamulo lidatsegula limakhala litatsekeka, ndipo amatsala ndi la mdima lokha.

Mashehe ndi abusa athu, tikudziwa kuti ambiri a ife chikhulupiriro chathu sichilola kuchotsa mimba. Sitinabwere kudzasintha chikhulupiriro cha munthu. Sitikunena kuti kuchotsa mimba n'kwabwino kapena n'kopepuka. Tikungonena zimene lamulo likunena, kuti aliyense adziwe. Koma pali mfundo imodzi imene tonse tingagwirizane, wa ku mzikiti ndi wa ku tchalitchi. Palibe mmodzi wa ife amene akufuna kuti mwana wake afere yekha m'chipinda chokhoma.

Tidziwenso kuti mimba si mapeto a sukulu. Mu 2003 kudatuluka lamulo lakuti mtsikana wapakati azisamutsidwira ku makalasi a usiku. Lamulo limeneli lidachotsedwa mu 2018. Ndipo mu 2019 kudabwera lamulo loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Dziko lidaona kuti malo a mtsikana ndi m'kalasi. Wophunzira wa pa yunivesite akhoza kubereka, agogo n'kulera mdzukulu, iye n'kubwerera kukamaliza maphunziro. Atsikana ambiri sachotsa mimba chifukwa chodana ndi mwana. Amachotsa chifukwa akuganiza kuti kwawo kulibe malo a iye ndi mwanayo.

10. Tichite chiyani tsono?

Choyamba, tiwerengere ndalama mwana asananyamuke. Apa ndi pamene kulemba ndi kuwerenga kumene tikuphunzira kukugwira ntchito. Titenge kope. Tilembe lendi, propina, chakudya, sopo, nsalu za kumwezi ndi ulendo. Tiphatikize za mwezi umodzi, kenaka za chaka. Tikagulitsa fodya kapena nsomba, tigawe ndalamazo pa miyezi, tizitumiza pa foni pang'onopang'ono. Mbumba yonse isonkhe, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ngati mwezi wina tilibe, timuuze zoona, tifunefune njira pamodzi.

Chachiwiri, tizifunsa. Mwana akasiya kupempha ndalama, tisasangalale. Akabwera pa tchuthi ndi foni yodula imene sitidagule ife, tisavine. Akatibweretsera shuga ndi chitenje iye asali pantchito, tisalandire ndi manja awiri osafunsa. Ena a ife tadya nawo ndalama za bambo wa galimoto uja, kenaka n'kumatukwana mwana mimba itaoneka.

Chachitatu, tilankhule naye asanapite. Ngati mayi akuchita manyazi, alipo azakhali, alipo agogo, alipo anankungwi. Timuuze za kudziletsa, inde. Koma timuuzenso za kondomu, za njira zolerera, za masiku 5 ndi maola 72 aja. Ngati n'kotheka, timuperekeze tokha kuchipatala akamve kwa anamwino. Kudziwa kusambira sikugwetsa munthu m'madzi. Kumamupulumutsa bwato likatembenuka.

Chachinayi, tilankhule ndi ana athu aamuna. Iwonso akupita ku sukulu zomwezo. Tiwauze kuti mkazi akati ayi, ndiye kuti ayi. Tiwauze kuti mwamuna weniweni sathawa mimba yake. Ndipo inu abambo amene mumayenda ndi ndalama za malonda ku Cuamba ndi ku Lichinga, kumbukirani kuti mtsikana wa yunivesite amene mukumuimitsira galimoto ndi mwana wa munthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachisanu, mafumu ndi anankungwi akhale pansi ndi azaumoyo. Aone zimene zingawonjezedwe pa malangizo a chinamwali, ndi zimene ziyenera kusiyidwa. Mwambo ndi wathu. Tili ndi mphamvu youkonza kuti uteteze ana a lero.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi ndiye chachikulu, tisinthe mawu athu otsazikira. Pamsewu paja, chapa chisananyamuke, timugwire dzanja mwana wathu n'kumuuza kuti, "Ukalimbikire sukulu. Ukadzisamale. Koma chilichonse chikakuchitikira, ngakhale chochititsa manyazi chotani, uyambe kuuza ife. Tidzakalipa mwina, koma sitidzakutaya. Pakhomo pano ndi pako."

Mawu amenewa sagulidwa ndi ndalama. Wosauka ndi wolemera onse angathe kuwanena. Koma ndi mawu amene mwana adzawakumbukire usiku uja akuwerenga masiku pa zala. Ndi amene adzasankhe ngati aimbire foni mayi ake kapena agogode kwa wogulitsa mapiritsi.

11. Kwa inu ana athu

Tikudziwa kuti ena a inu ndi amene mukuwawerengera makolo kabuku kano. Tikuti kwa inu: thupi ndi lanu, ndipo tsogolo ndi lanu. Mphatso imene simungathe kuitchula pamaso pa mayi anu ndi ngongole. Wina akakuopsezani ndi mayeso, musafe nazo nokha. Sungani mauthenga ake m'foni, uzani mnzanu wokhulupirika, kanene kwa akuluakulu a sukulu kapena kupolisi. Mukadutsitsa mwezi, musadikire wachiwiri. Pitani kuchipatala mukapimitse, mumve njira zonse zimene zilipo, ndipo musankhe muli ndi anthu okukondani pambali panu. Mnzanu akakuuzani chinsinsi chotere, musamutengere kuseri. Mutengereni kwa anamwino.

Amayi ndi abambo, madzi a m'nyanja yathu ya Amaramba sakhala pano mpaka kalekale. Amatuluka ndi mtsinje wa Lugenda, amakalowa mu Rovuma, mpaka kunyanja yaikulu. Ana athu nawonso adzapita kutali, ndipo n'chimene tidawatumizira ku sukulu. Sitingawatsatire kulikonse. Chimene tingathe n'kuwatumiza akudziwa zoona, ndi kuwasiyira khomo lotsegula.



Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tchulani mphepo zinayi zimene zimawomba mtsikana pa yunivesite. Ndi iti imene imachokera kwa ife makolo?

2. Lembani m'kope zinthu zimene wophunzira amafunika kulipira pa mwezi umodzi. Phatikizani mitengo yake. Pa miyezi 10 zikwana ndalama zingati?

3. Tchulani zizindikiro zisanu za ngozi. Kuchokera m'mudzi mwanu, chipatala chapafupi chili kuti, ndipo usiku mungafikeko bwanji?

4. Kodi lamulo la dziko lathu likunena chiyani za masabata 12, 16 ndi 24?

5. M'banja mwanu, ndani angathe kulankhula ndi mtsikana za nkhani zimenezi? Nanga ndi mnyamata?

6. Lembani mawu amene mudzamuuze mwana wanu tsiku lomutsazika.